Waya Wonenepa Kunja

1.

Bwera Lachitatu, anatero ababa pa foni. Pali ntchito ya uvuni yoti timalize.

Ine ndinali pamwamba pa makwerero ku Limbe, m'nyumba yosanja imene kampani yathu inkaikamo magetsi, foni nditaipana ndi phewa.

Ababa, Lachitatu ndili pantchito.

Pempha.

Ku Luchenza konseko wasowa munthu wokuthandizani?

Ndati pempha, Tiyanjane.

Anadula. Ababa saimba foni. Amene amaimba ndi amayi, iwo amangofuulira chapatali kuti umupatse moni. Ndinatsika pa makwerero, ndinakapempha.

2.

A Mulepa, ababa angawo. Funsani aliyense pa Luchenza, akulozerani.

Analowa ku fakitale ya tiyi ndevu zisanamere, anatulukamo ndi imvi, ndipo zaka zonsezo makina ofotetsa masamba, makina opera, mafani, pampu ya kudamu, nyale za m'nyumba za mabwana, zonse zinkadziwa dzanja lawo, ndipo atapuma sanapume, anayamba za anthu wamba, masitolo, matchalitchi, zigayo, nyumba za aphunzitsi, moti ukamayenda mumsewu waukulu nyale zikuyaka uku ndi uku umakhala ukuyenda pakati pa ntchito yawo, ndipo pa nyumba zonsezo palibe imene inapsapo.

Ngakhale imodzi.

Ana anabereka anayi. Amene anatola pulayazi ndi wotsiriza, wamkazi.

3.

Uli mtsikana wa sitandade faifi. Wakhala pakhonde. Ababa ako ayala zidutswa za waya pathumba, kuyambira woonda mpaka wonenepa. Akuti tseka maso. Akukuikira chimodzi m'dzanja, akuti tchula.

1.5, wa nyale.
2.5, wa masoketi: wailesi, simbi, ketulo.
4, wa thanki yotenthetsa madzi.
6, wa kuka ndi uvuni.
10 ndi 16, wobweretsa moto kuchokera pa mita.

Nambala imeneyi si ya pulasitiki wakunjayu, akutero. Ndi ya kopa wam'kati, poyenda moto. Unaonapo ng'ombe zikutuluka m'khola? Chipata chikachepa zimakhulana. Moto ndi chimodzimodzi. Ukachuluka, kopa n'kuchepa, kukhulanako ndiye kutentha.

Nanga waya akachepa amatani, ababa?

Waya sadandaula. Amangotentha.

4.

Lachitatu ndinawapeza akundidikira pasiteji ya minibasi, ali wapansi.

Njinga ili kuti?

Yaphwa.

Tinayenda mpaka kuseri kwa msika. Bekale ya mayi Likoswe ndi sitolo yakale yomwe aipaka laimu watsopano. Magetsi analimo kale, a nyale ndi masoketi. Chatsopano chinali uvuni, chitsulo chachitali kuposa ine, chitaima pakona mapepala ake asanamatulidwe onse. Kuseri kwa khoma lomwe uvuniwo unatsamira kunali chipinda. Chitseko chinali chotsegula, ndinaonamo matiresi awiri, neti ya udzudzu, nsapato za ana.

Mayi Likoswe anandipatsa moni akuyang'ana ovolosi yanga. Ndiye mwana wamkazi uja? Tamva mbiri yanu, asisi.

Mapaipi ndakwirira m'khoma, apaka kale simenti, anatero ababa. Mawaya atatu ndalowetsa. Chatsala ndi kusenda ndi kumanga, uku ku buleka, uku ku uvuni.

Ndiye mwandiitanira zimenezi? Ntchito yoti tiyi asanazizire yatha?

Senda, anatero.

5.

Ndinasenda.

Pulasitiki.

Pulasitiki.

Pulasitikibe.

Kenako kopa. Timawaya tam'kati tinalipo tokwanira, koma toonda ngati ulusi wosokera matumba. Ndinapotokola tonse pamodzi, ndinayerekeza ndi zidutswa zomwe ndimayenda nazo m'chikwama. Pafupi ndi 6 weniweni ankaoneka ngati mwana wodwala. Pafupi ndi 2.5 ankalingana, mwinanso kucheperapo.

Ndinatenga mpukutu wotsala. Pepala lake linalembedwa 6, nambala yaikulu yofiira. Kunja waya anali wonenepa bwino, wosalala, wokongola.

Ndinasenda mbali ina. Ndinadula pakati, ndinasendanso. Chimodzimodzi.

6.

Kumbuyo kwa uvuni kuli kachitsulo kolembedwa njala yake. Mawati 7000.

Magetsi a m'nyumba ndi mavoti 230.

Gawani. Mupeza maampu 30 ndi kanyenyeswa. Umenewo ndiwo moto womwe udzayende mu waya uvuni ukamaphika.

Waya wa 6, ali mu paipi, paipi ili m'khoma, amasenza 30 ndi kupitirira, osamva kanthu.

Waya wa 2.5, mu paipi yomweyo, amathera cha m'ma 20.

Buleka yomwe ababa anagula ndi ya 32. Buleka ntchito yake ndi kugwa moto ukachuluka, waya asanapse. Koma iyi idzakhala ikudikira 32. Idzaona 30 akudutsa, idzati zili bwino, pitani. Sidzagwa. Waya adzafewa m'khoma, tsiku loyamba, sabata yoyamba, mwezi woyamba, palibe wodziwa, mpaka tsiku lomwe pulasitiki adzasungunuke kopa n'kukumana ndi mnzake.

Kuseri kwa khomalo kuli matiresi awiri.

Waya sadandaula.

7.

Ndinawakokera pambali, ndinatsitsa mawu.

Ababa, wayayu munagula kuti?

Kumsika, pabenchi. Bwanji?

Si 6.

Ndi 6.

Pepala ndi la 6. Kopa ndi wa 2.5. Taonani.

Ndinawaikira nsongayo pafupi ndi nkhope. Anaiyang'ana. Anaitenga, anaigudubuza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, monga ankachitira pakhonde paja. Ndinadikira kuti atukwane wogulitsayo.

Ndi 6, anatero mokweza.

Mayi Likoswe anasiya kusefa ufa.

Ababa, chonde.

Iwe wandipeza ndikugwira waya, sunandipeze ndikulima fodya. Mapepala a kukoleji akutupitsa mutu? Manga.

Sindimanga.

Ukuti chiyani?

Ndati sindimanga, ababa.

Sindinawayankhepo choncho chibadwire. 

8.

Ine ndine Likoswe, mwini bekale, ndipo ndinene zanga: bambo wa ana anapita ku Joni, foni yake inasiya kulira, ine ndakhala ndikukazinga mandasi pamsewu mvula ndi dzuwa, utsi m'maso, mpaka ndapeza uvuni uwu, ndipo Loweruka lino kuli ukwati wa mwana wa abusa, mabanzi ndi masikono onse anandipatsa ine, mayi busa anachita kubwera okha pakhomo pano, ndipo ukwati umenewo Luchenza yense adzadya, akadya bwino ndiye kuti bekale yatseguka, ndikalephera ndiye kuti ndidzatchedwa mayi uja analephera ukwati wa abusa mpaka kumanda, tsono a Mulepa ndiwo anaika magetsi m'nyumba ya makolo anga ine ndili kamtsikana ndipo mpaka lero nyale zake zikuyaka, lero kwabwera mwana wawo wa m'tauni ndi ovolosi yake akuti waya ndi wolakwa, waya woti wagulidwa kale, waya woti ali kale m'khoma lopaka, ndimvere ndani, ine za maampu sindidziwa, ndimadziwa ufa, yisiti ndi Loweruka

koma ana anga amagona kuseri kwa khomalo

9.

Ababa anati mawa adzamanga okha. Ndinadikira atuluke panja. Ndinatenga buleka ya 32 ija pa shelefu, ndinaiponya m'chikwama changa, ndinatseka zipi.

Kunyumba amayi anatilandira ndi tiyi ndi chinangwa. Anaona nkhope zathu, sanafunse. Ababa anadzithirira okha. Tiyi anadzaza kapu, anasefukira m'sosala, anayamba kuyenderera pa tebulo. Amayi anawalanda ketulo mwakachetechete, ngati chinthu chomwe achita kambirimbiri.

Ndinati ndi mkwiyo. Ndinati dzanja likunjenjemera chifukwa cha ine.

Tikutsuka makapu kuseri, amayi anati, bambo ako usawachititse manyazi pamaso pa anthu. Dzina ndi lomwe latsala.

Amayi, nyumba ija ikapsa dzinalo lidzatsala?

Anapukuta kapu imodzi nthawi yaitali.

Mapilitsi a shuga aja anasiya kumwa, anatero. Akuti amawafoola. Ine ndalankhula, ndatopa.

10.

Zomwe ukanatha kuchita, Tiyanjane:

kukwera minibasi ya m'mawa, n'kunena kuti abwana aitana;
kumanga, n'kuuza mayi Likoswe kuti aziyatsa theka la uvuni, ukudziwa kuti Loweruka adzayatsa wonse;
kuika buleka yaing'ono yoti izigwa mabanzi ali pakati pa kupsa;
kunena kuti mwina maso ako ndiwo akunama;
kukhala mwana wabwino.

Wagona nazo. Wadzuka nazo. Wavala ovolosi.

11.

Lachinayi m'mawa ndinawapeza akufufuza pa shelefu ya m'bekale, akupapasa pakati pa zitini.

Buleka ili ndi ine, ababa.

Sanatembenuke.

Tisakangane, ndinatero. Timufunse wayayo. Wotsala uja ndimuyala pansi, poonekera, kuchokera ku bokosi la mabuleka mpaka ku uvuni. Tiyatse uvuni wonse. Akakhala wozizira, ndipepesa pamaso pa mayi Likoswe, ndimanga wa m'khomayo ndi manja angawa. Akatentha, timutulutsa.

Mayi Likoswe anayang'ana ababa. Amisiri, mukuti bwanji?

Ababa anachotsa dzanja pa shelefu.

Yesa, anatero.

12.

Ndinatulutsa ana panja. Ndinathimitsa moto wonse, ndinamanga, ndinayala waya pasimenti kutali ndi matumba a ufa. Wotsalira ndinamusiya ali chipindire pakati pa chipinda, kuti akhale wopanda mpweya monga angakhalire mu paipi. Ndinapana mita yanga yoyezera pa waya wa moto.

Ndinakweza buleka.

Mayi Likoswe anapotokola zoyatsira zonse za uvuni mpaka kumapeto.

Mita: 29. 30. 30.

Buleka: zii.

Ababa anagwada pansi, anapapasa simenti mpaka anapeza pomwe waya anapindana, anafumbata ndi dzanja lamanja.

Tinadikira.

13.

Fungo ndi lomwe linayamba. Lochepa, lotsekemera moipa, ngati beseni lomwe laiwalika pafupi ndi mbaula.

Mayi Likoswe ananunkhiza. Anawerama, anakhudza waya ndi nsonga ya chala.

Mayo!

Anaika chalacho m'kamwa.

Akungofunda, anatero ababa.

Ababa, siyani.

Sakutentha.

Siyani, ababa!

Ndati sakutentha. Ndikanamva.

Pulasitiki pafupi ndi dzanja lawo anali atayamba kunyezimira ngati wapakidwa mafuta. Ndinalumpha, ndinagwetsa buleka. Ndinagwada. Dzanja linali chifumbatire. Ndinatambasula zala chimodzichimodzi, waya anamatuka pachikhatho monyinyirika.

Mizere itatu yofiira, kuchokera ku chala chachikulu mpaka kumapeto. Matuza anali atayamba kale kutukuka.

Ababa sankayang'ana dzanjalo. Ankayang'ana ine. Koma osati ine ndendende. Pambali pang'ono, pomwe ankaganiza kuti pali nkhope yanga.

Lapsa? anafunsa.

14.

Njinga. Tiyi. Shelefu.

Tiyanjane, wopusa iwe.

15.

Mayi Likoswe anabwera ndi beseni la madzi ozizira. Anagwada, anamiza dzanja la ababa, analigwirira momwemo ngati la mwana wawo. Sanalankhule za Loweruka.

Ababa anakhala pa thumba la ufa, msana wowongoka.

Kuyambira liti? ndinafunsa.

Mutulutse, anatero.

Ababa, kuyambira liti?

Za ine tikamba. Wam'khomayo mutulutse yense, pasatsale ngakhale kachidutswa koti wina adzatole. Mayi Likoswe, wayayu ndinagula ndine. Watsopano ndi mlandu wanga.

Ndi wathu, ndinatero.

Loweruka muphika, anatero ababa, akulankhula ndi khoma.

Mayi Likoswe anandiyang'ana ine.

Muphika, ndinatero.

16.

Minibasi ya ku Limbe inaima paliponse pomwe panali munthu, ngakhale woti akungodutsa. Foni inalira tili pa Bvumbwe. Abwana.

Mawa m'mawa ndikufuna ndikuone pasaiti.

Bwana, mawa sinditha. Ndibwera Lachiwiri.

Ukudziwa kuti pakhomo pano pamabwera anyamata angati tsiku lililonse kufuna malo akowo?

Ndikudziwa, bwana.

Ndiye?

Ndiye Lachiwiri.

Anadula. Ndinaika foni m'thumba. 

M'sitolo ya zamagetsi ndinapempha 6, wofiira, wakuda ndi wa nthaka. Wogulitsa anaika mipukutu pa kauntala. Ndinatulutsa pulayazi.

Asisi, sitidula musanalipire.

Ndiye sindilipira ndisanaone kopa.

Pepala simukuliona?

Pepala ndaliona dzulo.

Anaitana mwini sitolo. Mwini sitolo anandiyang'ana, anayang'ana pulayazi, anaseka, anati msiyeni asende. Ndinasenda mipukutu yonse itatu, mbali zonse ziwiri. Kopa wofiirira, wokhuthala, wouma kupinda. Ndinaisenza pamutu mpaka kusiteji, khosi likulira.

17.

Lachisanu.

Waya wabodza anatuluka mosavuta, anatereka ngati njoka. Ndinamuduladula tizidutswa tosathandiza munthu, ndinaponya m'thumba.

Weniweni anakana.

Mawaya a 6 atatu mu paipi imodzi salowa mwaulemu. Ndinamanga nsonga zake ku waya wokokera, ndinakulunga tepi, ndinapaka sopo. Mayi Likoswe ankakankha kubokosi, ine ndinkakoka ku uvuni, phazi nditaponda khoma. Anayenda, anayenda, anaima.

Ndinakoka. Zii.

Ndinabweza, ndinakokanso. Zii. Thukuta linalowa m'maso. Dzuwa linali litapendeka, ufa wa mawa unali usanakandidwe, ndipo ndinayamba kuona khoma lonse likugumulidwa.

Walowa wotalika bwanji? anafunsa ababa. Anali pa thumba lawo lija, dzanja lokulungidwa bandeji lili pabondo.

Ndinayeza wotsala, ndinawauza.

Ndiye wafika pa chigongono chachiwiri. Pamwamba pa zenera, kumanzere, paipi imakhota kuzemba mtanda wa denga. Ndinalumikiza pamenepo. Usagumule khoma. Boola pokhapo, malo a chikhatho chimodzi.

Pati ndendende?

Nditengere pazenera.

Ndinawagwira mkono. Anakweza dzanja lamanzere, anayeza kuchokera pa felemu ndi mkono wawo, chigongono mpaka nsonga ya chala, anamenya khoma ndi nkhonya.

Apa.

Ndinakhoma tchizulo. Simenti inagwa. Paipi inali pomwepo, polumikizira pake patatseguka pang'ono, tepi yanga itakodwa pamlomo. Ndinaikankha ndi chala.

Kokani! ndinafuula, ndipo mayi Likoswe anathamangira ku uvuni, anakoka ndi manja a ufa, waya anatuluka mpaka anagwa naye chagada, miyendo m'mwamba, akuseka, akutukwana, akuseka.

18.

Ndinamanga ku buleka. Ndinamanga ku uvuni. Sikuluwu iliyonse ndinaibwereza. Ndinayeza waya wa nthaka. Ndinakweza.

Mita: 30.

Tinadikira nthawi yoposa ya dzulo, kuwirikiza. Uvuni unatentha mpaka chipinda chonse chinasanduka Nsanje. Ndinakhudza waya potulukira pa paipi. Ndinaitana mayi Likoswe. Anabwera chala chili m'mwamba, mwamantha, anakhudza, anachotsa, anakhudzanso, kenako anafumbata.

Ali ngati mwana wagona, anatero.

Ababa anatembenuzira khutu kwa ife. Nanga fungo?

Palibe, ababa.

Buleka?

Yozizira.

Anagwedeza mutu. Tseka bowo lija. Simenti usaikande yamadzi.

19.

Loweruka: mabanzi, masikono, mabanzi, mabanzi, thireyi kulowa, thireyi kutuluka, ana a mayi Likoswe akupaka majarini pamwamba ndi nthenga, ine amene ndinabwerera waya ndikupezeka ndikukanda ufa mpaka m'zigongono, galimoto ya abusa ikuliza hutala panja, mayi busa akuluma limodzi ali chiimire n'kutseka maso, ndipo uvuni ukudya maampu ake 30 kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, khoma lili lozizira

Mayi Likoswe anakulunga mabanzi otentha m'nsalu, anapereka kwa ababa ndi manja awiri. Ababa anatambasula manja kuti alandire.

Ndinalandira ndine.

Akutentha, ndinawauza. Tidikire pang'ono.

20.

Lolemba. Ine Mulepa ndakhala pa benchi ya kuchipatala, mwana wanga wapita kukafunsa khomo la dokotala wa maso. Mayi ake ali pambali panga, akundigwirira chipewa. Ndiye ndinene ndisanaitanidwe.

Wayayo ndinamukayikira tsiku lomwe ndinamugula. Maso ndi nkhungu, zala ndi zikuni, koma phewa likadali langa. Nditauponya mpukutuwo paphewa, unapepuka. Kopa amalemera. Ndinayenda nawo msika wonse mtima ukundiuza kuti Mulepa, wasenza pulasitiki. Nditafika ndinasenda, ndinapita nawo padzuwa, ndinayang'ana. Nkhungu. Ndinagudubuza m'zala. Ngati ndagwira ndi magolovesi a munthu wina. Ndikanafunsa ndani? Ndikanaima pamsika n'kuitana wodutsa kuti tandionereni, kopayu ndi wamkulu bwanji? Ine?

Pa dziko lonse pali munthu mmodzi amene ndinkadziwa kuti akaona sanganame, ndipo ndikamukalipira sangagonje. Ndinamuphunzitsa ndekha.

Koma atanena, pakamwa panga panakana. Ndinamva mayi uja wasiya kusefa ufa, ndinamva Luchenza yense wasiya kusefa ufa. Ndinakalipa. Ndikukalipa choncho, m'mimba ndinkapemphera kuti mwanawe, usandimvere.

Ndipo pogwira waya uja sindinkafuna kupambana mlandu. Fungo ndinalimva ndisanamve mayi Likoswe akukuwa, mphuno ndili nayo. Ndinkadziwa kuti akupsa. Ndinafumbata kuti anditenthe. Ndinati mwina moto waukulu chonchi udutsa, ufika, ndimva kenakake, ngakhale kakang'ono, ndidziwe kuti manjawa akadalipo. Ndinadikira. Ndinafinya. Ndinadikira.

Sunafike.

Mayi ake amva zonse. Ndikumva akupukuta mphuno ndi chitenje.

Nsapato zikubwera, ndikuzidziwa, zolemera, za pasaiti.

Ababa, akuti khomo lachitatu kumanja. Pali masitepe. Anthu ndi ambiri, mwina tidikire achepeko?

Ndaimirira.

Ayi. Ndigwire mkono, tidutse pakati pawo. Ukafika pa sitepe uzinena mokweza.